Buku Loyamba Ndi Langa

Lolemba

Dzuwa likuswa mtengo, koma nkhani ndi yabwino! Mzungu wa pamishoni akufuna buku lija tinaphunzirira a-e-i, losindikizidwa koyamba penipeni. Mwini wake adzajambulidwa Lamulungu atakhala pampando, buku pamiyendo, chithunzi n'kukwera sitima ya pamadzi mpaka kwawo kwa Azungu. Mwini wakeyo ndine. Aphunzitsi a Jonasi, amene timalimbirana benchi yakutsogolo m'tchalitchi, akuti nawonso ali nalo. Tiona.

Lachiwiri

Ndatsitsa bokosi kudenga. Mabuku awiri:

- lachikuto chofiira, lonyezimira, chiswe sichinalilawe;
- chisanza chopanda chikuto, mapepala opyapyala, chonunkha utsi.

N'zosachita kufunsa. Chinthu choyamba munthu amachipanga mosamala. Lofiirali ndiye loyamba! Chisanza ndachiponya m'dengu la thonje. Mkazi wanga akuti, "Ndikapatse amayi?" Apatse amene akufuna, ine ndikusita jekete.

Lachitatu

Kuyeserera kakhalidwe ka pampando: chibwano m'mwamba, osaseka. Nsapato ndabwereka kwa kalaliki wogula thonje. Zikuluma, koma pachithunzi ululu suoneka. Mudzi wonse wamva, poti ndauuza ndekha.

Lachinayi

Kumishoni. Mzungu watembenuza tsamba loyamba, n'kundilozera timawu tating'ono kuseri kwake: kusindikiza kwachinayi. Zaka zonsezi ndinkayesa ndi dzina la wosindikiza! Akuti loyamba limadziwika motere:

- kuseriko kulibe mawu;
- anasoka ndi ulusi, osati waya;
- tsamba lomaliza lili ndi chithunzi cha mwadiya, bwato lathu losema lija, chifukwa njanji inali isanafike kuno.

Langa: waya, ndi sitima ya pamtunda ikufuka utsi. La a Jonasi ndi lachiwiri, nalonso la sitima. Mtima unakhalako pansi.

Kenaka Mzungu wawonjeza kuti mapepala a loyambalo ndi opyapyala. Mayo ine! Ndathamanga nsapato za eni zili m'manja.

Lachisanu

Chisanza chija chili kwa apongozi aakazi. Akupichira fodya m'mapepala ake.

Tsono nditani? Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Tikakumana panjira ndimalowa patchire. Ndatuma mkazi wanga. Wabwera ndi yankho: "Chopatsa salanda. Kapena mkamwini akuti ndaba?"

Ndaima kuseri kwa nkhokwe ya mapira, kuonerera utsi. Mtima ukuwawa zedi. Koma palibe kanthu, ayambira kutsogolo. Mwadiya uli kumapeto, ndipo nkhalamba imodzi singamalize buku pofika Lamulungu.

Loweruka

Nzeru zabwera! Munthu wamkulu sumulanda, umamusangalatsa, ndiye amabweza yekha. Ndatumiza mphatso:

- milamba youma;
- mchere;
- fodya wabwino wa ku Makhuwira, wopota ngati chingwe, mkukuluzi wathunthu.

Fodyayo sindinamuganizire bwino.

Akondwa kwambiri moti aitana anzawo onse adzalawe. Pakhonde pawo pakufuka ngati akutentha tchire. Mkazi wanga akuti mmodzi mwa anzawowo sakonda kudikira, wayambira kumapeto.

Lamulungu

Loyamba silinapezeke, ndiye Mzungu wati lachiwiri likwanira. A Jonasi ajambulidwa. Pampando wanga, chibwano m'mwamba, atavala nsapato zomwe ndabweza m'mawa uno. Ine ndikuoneka phewa lokha, kumbuyo kwa ana asukulu.

Kunyumba ndapeza mkazi wanga wandisungira zotsala: ulusi. Ndi ulusi ndithu, osati waya.

Apongozi atumiza mawu: "Takhuta, mkamwini. Alipo lina?" Ndawatumizira lofiira lija, lichite kundichokera pamaso.

Dzuwa lisanalowe labwerera, tsamba limodzi lokha litang'ambidwa. Akuti, "Ili n'lokhuthala, likutsokomoletsa. Lenileni linali loyamba lija."

Ndikudziwa, amayi. Ndikudziwa.