Mpeni wa Amalume Utasamba

Mpaka lero abale anga ku Malindi akafuna kuseka amayambira pa ine. Aseke. Ine ndikuti sindinalakwe, ndipo mumve nokha.

Amalume anga, amene anali mlenje m'mapiri a Namizimu, anandisiyira mpeni wawo wosakira nyama. Unali wautali, wolemera, chogwirira chake cha nyanga chong'aluka, ndipo pachitsulo panali timalemba tachizungu tosaoneka bwino chifukwa cha kuda. Msuweni wanga Jafali, yemwe amagwira ntchito pahotela ina, anaujambula pafoni n'kuonetsa mlendo wochokera ku Joni. Mlendoyo akuti amasonkhanitsa mipeni yakale (inde, anthu otere alipo, ndipo sasendera ngakhale chinangwa). Ataona timalembato anadzuka pampando, nati akufuna kuuona mpeniwo Loweruka. Jafali anandinong'oneza kuti ndiyambiretu kufunsa mtengo wa malata.

Tsono ine ndinaleredwa bwino. Mlendo sapatsidwa madzi m'kapu yakuda, nanji mpeni. Ndinayamba kuukwecha ndi mchenga ndi mandimu, koma kuda kunakana. M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa boma la Mangochi, kwa owotcherera zitsulo, n'kuwauza kuti audutsitse pa makina, asasiye ndi kadontho komwe. Mpeni unatuluka ukunyezimira moti ndinadzionerapo mano. Nyanga ija ndinaichotsa, kalipentala anaikapo mlombwa, ine n'kupakapo penti yofiira yotsala pa bwato. Chimake chachikopa, chonunkha ngati mbuzi yonyowa, ndinaponyera agalu. (Akazi anga anangoti, "Bambo a Chikondi, mwatsimikiza?")

Loweruka ndinavala jekete, mpeni ndinaukulunga m'nsalu yoyera, n'kupita kuhotela kuja. Mlendo anautembenuza uku ndi uku, n'kuyang'ana chithunzi cha pafoni, kenako n'kuyang'ana ine. Jafali akumasulira, anafunsa kuti mpeni wa pachithunziwo uli kuti. Ndinati ndi womwewu, wangosamba.

Bamboyo anakhala pansi n'kugwira mutu ngati walandira uthenga wa maliro. Anafotokoza kuti timalemba tija, timene makina anafufuta, ndi timene timanena amene anasula mpeniwo ndi mtundu wa chitsulo chake, kuda kuja ndiye umboni wa zaka, ndipo nyanga ndi chikopa zija ndi zimene ankazifunitsitsa. Tsopano, akuti, unasanduka mpeni wamba.

"Wamba?" ndinatero. "Jafali, uwauze abwanawa abweretse yawo yadzimbiriyo, tipikisane pa mutu wa kampango."

Jafali anakana kumasulira, ndiye ndinalowa ndekha kukhitchini ya hotelayo. Ophika ali maso, ndinanyamula kampango wamkulu amene anali patebulo n'kumutema kamodzi. Mutu unagwera uko, thabwa lodulirapo n'kung'aluka pakati. Mlendo, yemwe ananditsatira mpaka pakhomo, anavomera kuti chitsulocho n'chabwino zedi. Koma kugula ayi. Mkulu wa ophika anandiperekeza mpaka pageti, akundikumbutsa njira yonse za thabwa lake.

Nyumba yanga ikadali yaudzu. Mvula ikayamba, akazi anga amatchera beseni pafupi ndi bedi, maso ali pa ine. Ndimawauza kuti chinthu chimene chimakwera mtengo chifukwa cha uve ine sindikuchidziwa.

Chiyambire tsiku limenelo azakhali anabisa mkondo wa agogo, akuti ndingausambitsenso. Aubise ndithu, ndipo aubise bwino, chifukwa ndinauonapo kale, ndipo kuda kwake n'kochititsa manyazi banja lonse.