Ufa m'Jombo za Alamu

Inu mukudikira basinu, basiyo sibwera msanga, ndiye tandimasulireni ndagi iyi. Chinalowa chili fumbi, chinakwera phiri chopanda miyendo, chinatsika chitanenepa. N'chiyani? Musathamange, amayi, yambani mwamva kaye.

Ine, monga mukuonera girisi m'zikhadabomu, ndimakonza njinga. Mulungu anandipatsa zonse, mkazi, ana, mano osaguluka. Koma kumapazi kokha anaiwala kutseka mpopi. Anzanga thukuta limatuluka pamphumi, langa limathamangira kunsi. Ndikavula nsapato m'nyumba, mphaka amakagona kwa aneba.

Tsono mwana wanga wachisamba anapeza mnyamata wofuna kumukwatira. Bambo a mnyamatayo ndi aphunzitsi opuma ntchito, aja oyendera ana zikhadabo ndi kuseri kwa makutu. Akuti asanavomere ukwati, andidziwe kaye. Kundidziwira kuti? Pampando ngati anthu? Ayi. Paphiri! Akuti amakwera Loweruka lililonse kuti magazi aziyenda. Ngati kuti athufe anaima kalekale.

Mwana anachita kundigwadira.

"Ababa, chonde. Akakakhumudwa nanu, zanga zathera pomwepo. Musakavule nsapato."

"Iwe, kuphiri kuli bafa kuti ndikavule?"

"Bola mugule paudala wa mapazi uja."

"Ine? Kugula fumbi la m'botolo? Mutu ndili nawo, mwanawe."

Inu, tamverani zomwe mutuwo unachita. Amayi a kunyumba amaphika mabanzi ogulitsa. M'mawa wa Loweruka ndinapeza beseni la ufa kukhitchini, lovundikira bwinobwino. Ndinati paudala ndi ufa kusiyana kwake n'chiyani? Botolo basi! Ndinatapa manja awiri kuthira sokosi ili, manja awiri linalo. Masokosi ake a nailoni, onyezimira, omwe ndinakwatira nawo. Pamwamba pake jombo zobwereka kwa alamu anga, amlonda. Zoti mayiyo anali atasakaniza kale shuga ndi yisiti mu ufamo, anandiuza ndani?

Tinayamba kukwera. Aphunzitsi patsogolo ndi ndodo, chikwama kumsana, galu wawo pambali. Ola loyamba ndinkayenda ngati bwana, mapazi ali gwa! Ndinkawamvera chisoni anthu ogula paudala.

Dzuwa litakwera, mpopi unatseguka. M'jombo munayamba kulira, phwatya, phwatya.

Aphunzitsi anaima. "Mwamva, bambo?"

"Achule amenewo, aphunzitsi."

"Achule pamwala pouma chonchi?"

"Ndi a m'phiri. Amapirira."

Tapita pang'ono, jombo zayamba kuthina. Jombo zomwe m'mawa zinali zokhwepa, zoti n'kulowamo tonse awiri ndi alamu! Zala zapanikizana ngati anthu m'basi ya madzulo. Ndikayang'ana pansi, zinthu zoyera zikusuzumira m'mabowo a zingwe. Galu wasiya mbuye wake, akungondilondola ine, lilime panja. Chikondi chotere sindinachionepo ngakhale kunyumba.

Kenaka fungo. Osati langa la masiku onse lija, limene aneba analizolowera. Ili linali lowawasa, lotentha, ngati kuseri kwa bala.

Tafika pamwamba, aphunzitsi ananunkhiza kawiri, nkhope n'kugwa.

"Bambo, mwamwa?"

"Ine? Ngakhale dontho!"

"Musandinamize. Zaka makumi atatu ndikununkhiza ana a sukulu. Mwana wanga sangakwatire pakhomo pa chidakwa. Tiyeni titsike."

Pamenepo ndiye panali posankha, abale. Ndikhale chidakwa chovala nsapato, kapena munthu wabwino wopanda ulemu. Ndinakumbuka mwana wanga ali chogwada. Ndinakhala pamwala.

"Aphunzitsi, mowawo uli m'jombomu. Kokani."

Anandiyang'ana ngati ndalakwa samu yophweka. Anagwira chidendene, kukoka, kukana. Anaponda mwala, kukokanso, jombo n'kuti phwa! Aphunzitsi chagada m'maudzu, jombo pachifuwa. Kuphazi kwanga kukulendewera chimtanda cha buledi wosaphika, chofufuma bwino kuposa cha amayi a kunyumba, zala zisanu zitadinda pamwamba ngati sitampa ya kampani. Galu sanadikire pemphero.

Ngakhale mbalame zinasiya kulira kuti zione.

Ndinafotokoza zonse, maso pansi. Aphunzitsi osaseka, osakalipa. Anakhala pambali panga, n'kumasula nsapato zawo. Inu! Anavula sokosi, kulifinya, madzi chuu! Fungo lake, langa lija ndi mwana. Galu amene, mtanda uli kukamwa, anasuntha.

"Ana a sukulu ankasaka khoswe wakufa kuseri kwa kabati chaka chonse," anatero. "Mukuganiza kuti ndimakwera phiri chifukwa cha magazi? Kuno n'kokhako kumene ndimavula nsapato popanda wodandaula."

Anatsegula chikwama chija. Ine ndinkayesa muli mabuku. Masokosi! Mapeyala anayi, a thonje. Onyowawo anawamangirira kunja kwa chikwama kuti aziuma poyenda.

"Nailoni ndi thumba la pulasitiki, bambo. Valani thonje, muzisintha mukapuma, mapazi azipitidwa mphepo. Ufa muziwasiyira amayi a kunyumba."

Tinakhala pamenepo, madoda awiri, mapazi anayi ali mbee padzuwa, ntchentche zikubwera n'kubwerera zokha.

"Nanga za ana?" ndinafunsa ndi mawu a pansi.

"Akwatirane. Wina angatilandire ndani? Koma zidzukulu zathu, tiyambiretu kuzigulira masokosi. Ndipo keke ya ukwati, inu musaiyandikire."

Ndinatsika ndi masokosi obwereka, jombo zili m'khosi, zotsalira zikufufumabe. Alamu mpaka lero akuti akaima pageti, nyerere zimawachitira sawasha.

Tsono yankhani ndagi ija. Chinalowa chili fumbi, chinatsika chitanenepa. Inu achimwene a chipewa, mwakhala mukumwetulira nthawi yonseyi.

"Matama anu."

Mwalakwa! Matama sanatsike. Anatsala pamwala pomwepo, galu anadyera kumodzi.