Ubongo Watsopano wa Buluzi

Lolemba

Yafika! Sentralina ija yafika, ubongo watsopano wa Buluzi, galimoto yanga yakale yobiriwira. Watumiza ndi Zeka, mwana wa mlongo wanga, amene ndi mekaniku ku Joni. Ine ndimayembekezera chinthu chachikulu ngati bateriya, koma kabokosi kake n'kongofanana ndi sopo wochapira. Kameneka akuti kamamva mpweya, kamamva kutentha, kamayeza mafuta a gazolina dontho ndi dontho, n'kumalamula motori. Ndakanyamula ndi manja awiri.

Loweruka ndi ukwati wa Rozita, mwana wanga mmodzi yekhayo. Ndinamulonjeza ali kamwana, masiku amene ankandipatsira zitsulo ine ndili kunsi kwa galimoto, kuti tsiku lake adzapita kutchalitchi pa Buluzi, woyendetsa ine. Buluzi amayenda, inde, koma amatsokomola ndi kufuka. Mkwatibwi asakatsike akununkha utsi.

Amake Rozita: "Chinthu chikuyenda kale, mukuchiputiranji sabata ya ukwati?" Sanakaonetsetse kabokosi aka.

Lachiwiri

Zofunika: komputadori ya aphunzitsi a Fonseka (ndabwereka), tepi, mpeni wakuthwa, mtima wodekha.

Zeka akuti waya wabuluu apite apa, wachikasu apo. Ndikutsegula, mawaya onse a Buluzi ndi ofiira! Chaka chija makoswe anadya, mekaniku wa ku Nsadzo analumikiza zonse ndi mpukutu umodzi wa waya wotsala poika magetsi a sola. Tsiku lonse ndikulondola waya ndi chala ngati munthu wofuna tsinde la dzungu m'munda wowirira.

Ubongo wakale ndaudula, ndauponya m'dengu. Kubwerera kulibe.

Lachitatu

Walira! Buluzi walira, ndipo utsi palibe!

Koma za pakomputadori ndiye zandithetsa mawu. Ndikaponda mafuta, kamzere kakukwera. Ndikatseka polowera mpweya ndi chikhatho, nambala ikusintha pomwepo. Kabokosi kaja kakudziwa kuti ndagwira! Zaka zonsezi ndimamvetsera motori ndi khutu, lero ndikuona m'mimba mwake osatsegula. Ndaitana a Jeremiya, mkulu wa mpingo wathu, kuti pakhale mboni. Ayang'ana nthawi yaitali, kenako: "Kodi kamamvanso zimene tikulankhulazi?" Sindikudziwa. Tonse tatsitsa mawu.

Pali tsamba lina la timabokosi tambirimbiri totuwa. Zeka akuti sentralina imaphunzira yokha munthu akamayendetsa, ndipo ikaphunzira, kabokosi kamodzi ka patsambapo kamasanduka kobiriwira. Tam'mwamba ndi ta liwiro, tam'munsi ta kuyenda pang'onopang'ono. Chitsulo kuphunzira! Ine ana ena ndinawaona akubwereza kalasi mpaka kumera ndevu.

Kavuto kamodzi: ndikachotsa phazi, motori ikuzima. Nkhani yaing'ono.

Lachinayi

Tatuluka mpaka pa tala wopita ku Kasakatiza, a Jeremiya atafukata komputadori pamiyendo.

Mayo ine! Uyu si Buluzi amene ndimamudziwa. Mitengo ikungothawira kumbuyo. Tapitirira lole ya katundu wa ku Zambia, woyendetsa wake mpaka kutulutsa mutu pawindo. Timabokosi tam'mwamba tikubiriwira kamodzi ndi kamodzi ngati munda mvula itagwa. A Jeremiya ayamba n'kuwerenga manambala mokweza, kenako ndikumva asintha, akuimba nyimbo ija timaimba kumanda. Tabwereza kangapo. Misozi ikulengeza m'maso, sindikudziwa ngati ndi mphepo.

Uthenga wa Zeka: "Malume, musaiwale timabokosi tam'munsi. Yendaninso pang'onopang'ono nthawi yaitali, kaphunzire." Ine? Ubongo wochokera ku Joni ndiuphunzitse kuyenda ngati ngolo, anthu akuona? Mawa.

Lachisanu

Mawa lija ndi lero, ndipo mpata palibe. Amake Rozita agwira Buluzi ntchito:

mabenchi a kutchalitchi,
nkhuni,
mbuzi ziwiri,
mlongo wanga Felizita wochokera ku Nsadzo, ndi mitanga yake.

Zonsezi pa liwiro, chifukwa ndikangochepetsa, motori ikuzima. Benchi imodzi yatsala m'njira, sindikudziwa pati. Felizita wagunda mutu kudenga: "Achimwene, kodi tikuthawa chiyani?" Mbuzi zatsika zili chete, ngati zaona zinthu.

A Fonseka atenga komputadori yawo, akuti ndiyo ikaimbe nyimbo paphwando. Timabokosi sindikutionanso. Koma ndikudziwa kuti tam'munsi tikadali totuwa.

Rozita akumanga maliboni oyera pagalasi. "Ababa, adzayenda?" Ndati adzauluka. Sanaseke.

Loweruka

Chimene mwana aliyense wa ku Chifunde amadziwa, ine ndinachiiwala: mkwatibwi sathamangitsidwa. Amayi amatsogola akuimba, akuvina, akuyala zitenje panjira. Apite patsogolo pang'ono, abwerere, aime, alulute. Galimoto imatsata pambuyo ngati mwana wa ng'ombe. Ulendo wonse uli m'timabokosi tam'munsi!

Tanyamuka. Yazima. Ndaliza. Yazima. Ndaponda mafuta, Buluzi walumpha, amayi mbwee kuthawira m'chinangwa. Kumbuyo phuu! ngati mfuti, agalu a m'mudzi wonse kuuwa. Nyimbo yayambiranso, koma tsopano akuvina akucheuka. Kuzima, kuliza, kuzima, kuliza. Tisanafike pamsika bateriya yatha. Kiyi akungoti tche, tche.

Pagalasi ndikumuona Rozita pampando wakumbuyo, maluwa m'manja. Manyazi andigwira mpaka m'mafupa. Anyamata abwera kuti akankhe. Rozita: "Ayi, asakankhe." Watsegula chitseko, wazungulira mpaka pawindo langa. "Tsikani, ababa. Tiyende."

Wandigwira mkono. Tayenda wapansi, kudutsa pamsika, dzuwa lili pamutu, diresi loyera likukokota fumbi mpaka m'munsi monse kufiira. Amayi aimba mokweza kuposa poyamba, mwina pondimvera chisoni. Ine njira yonse maso pansi. Pakhomo la tchalitchi wandipukuta mafuta pachala ndi kansalu kake, n'kulowa.

Lamulungu

Rozita wapita ndi mwamuna wake ku Tete pa shapa, minibasi ya m'mawa. Za galimoto sanatchule. Wangoti ndizidya chakudya pa nthawi yake. Amake sanandilankhulebe, akuchapa diresi kuseri.

Ndamasula bateriya ya sola, ndaikweza panjinga mpaka pamene Buluzi anagona. Kiyi kamodzi, walira. Ndachotsa phazi. Sanazime! Ndalowetsa giya yoyamba, phazi lili pambali, ndipo akuyenda yekha, mofatsa, osanjenjemera, nkhuku ikudutsa kutsogolo osathamanga.

Kanaphunzira dzulo. Kuzima kulikonse kuja, kulumpha kulikonse, kabokosi ka ku Joni kaja kanali kakulemba m'mutu mwake. Sikanalakwe kanthu, kanangofuna tsiku limodzi loyenda pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene ndinakapatsa ndi la mwana wanga. Chinthu chodabwitsa chotere sindinachionepo, ndipo mtima ukundipweteka.

Ndadutsa pamsika, ndadutsa patchalitchi, pa liwiro lenileni la ukwati. Anthu akutuluka m'mapemphero aima kuonerera. Kumbuyo kulibe munthu.