Sikipa ndi Alendo Anga a Loweruka

Lolemba

Alendo akubwera Loweruka! Amayi a kumpingo, gulu lonse, kudzandichezera pakhomo pano. Anandiuza dzulo mayi Namakhwa, wapampando wawo, titatuluka m'tchalitchi: "Sabata ino ndi kwanu, mayi. Tifika cha m'ma thuu." Ndinangoti zikomo.

Miyezi isanu chibwerere kwathu kuno, pampando wa alendo sipanakhalepo munthu. Sindikuwadandaula. Ndinachoka ndili mtsikana, zaka zonsezi ndikuphika kunyumba ya bwana ku esiteti ya tiyi, ndabwerako ndi imvi. Amayi anamwalira. Anzanga akale ena ali kumanda, ena anakwatiwa kutali. Anthu amandipatsa moni bwinobwino, koma ali chiyendere.

Vuto ndi limodzi. Lili ndi miyendo inayi, ndipo panopa likundiyang'ana.

Sikipa. Galu wa bwana. Bwanayo atapuma ntchito n'kumabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja, anandisiyira ine. Wakuda ndi woyera, ubweya wautali, khutu limodzi chilili, lina logona. Anthu amaseka dzinalo, ati galu angakhale bwanji malaya. Akuti kwawoko agalu a mtundu umenewu ntchito yawo ndi kukusa nkhosa m'mapiri tsiku lonse. Ine nkhosa ndilibe. Ndili ndi nkhuku zisanu ndi imodzi, ndi bondo lowawa.

Saluma. Ngakhale kuuwa sauwa kawirikawiri. Koma sakhala pansi, ndipo chilichonse choyenda amafuna chiziyenda pamodzi ndi chinzake.

Zochita Loweruka lisanafike:
1. Kumutopetsa m'mawa uliwonse.
2. Kumuphunzitsa Chichewa. Amamva Chingerezi chokha.
3. Ine kuphunzira likhweru, poti bwana ankamuimitsa ndi likhweru.
4. Chingwe cholimba.
5. Kuzira khonde, kuphika nyemba za kalongonda, kupeza makapu.

Masiku asanu. N'zotheka!

Lachiwiri

Kumutopetsa. Kunja chiperoni, phiri silikuoneka n'komwe. Tikupita kumtsinje, tikubwera, tikupitanso. Pamene ine ndayenda ulendo umodzi, iye wayenda kasanu: kutsogolo, kumbuyo, m'chinangwa cha eni ake, kutsogolonso.

Pakhomo ndikumuponyera nthangala ya peyala. Akubweretsa. Ndikuponya. Akubweretsa, akuiika paphazi panga, maso dwii. Ndasiyira kuwerenga pa makumi anayi.

Otopa pofika teni koloko:
— bondo
— phewa
— nthangala, yasweka pakati

Wosatopa: Sikipa.

Ndikutsamira khoma pang'ono, tulo tandiba. Podzuka, pabwalo pali zii, zii wake woopsa. Ndikusuzumira m'khitchini: nkhuku thoo! Zanga zisanu ndi imodzi, zina zoti sindinazionepo chibadwire, ndi bakha mmodzi. Zonse pakona, palibe yotakataka. Sikipa wagona pakhomo ngati mlonda wa pageti ya fakitale.

Chakumadzulo, mlendo! Akazi awo a Jailosi, a nyumba yoyandikana nayo. Ndikuthamangira mpando, ndikuupukuta ndi chitenje. "Ayi, sindikhala, ndangodzatenga tambala wanga." Amutenga. Bakhayo akuti sakumudziwa.

Madzi a tiyi ndinali nditateleka kale a anthu awiri. Ndikumwa makapu onse awiri.

Lachitatu

Sukulu ya Chichewa, pansi pa mtengo wa peyala. "Khala!" Akupendeketsa mutu. "Gona!" Akupendeketsira mbali inayo. "Leka!" Akundibweretsera chitsononkho. Ndikuyesa za bwana: "Layi dauni!" Wagona pompo! Ndiye kuti Loweruka ndizidzakalipa Chingerezi pamaso pa amayi a mpingo, iwo n'kumati a ku esiteti amadzimva. Ayi. Komanso wangogona nthawi yokwana kuphethira kawiri.

Likhweru. Ndikubisala kuseri kwa bafa, zala ziwiri m'kamwa monga ankachitira bwana. Akutuluka malovu okhaokha. Kachikhumi mwina, kwatuluka kaphokoso, fyii. Sikipa sanamve. Amva ndi agogo ena aamuna odutsa ndi khasu paphewa: "Mkazi kuimba likhweru masana ano? Mukuitana chiyani, mayi?" Ndikuti ndikuitana galu. Akuyang'ana galuyo, ali pamapazi panga penipeni. Apita osatsanzika.

Nambala 2 ndi 3 ndafufuta.

Masana wasowa. Ndikufuna kuseri, kudzala, kumtsinje. Kenako ndikumva mee, mee, kunjira. Mbuzi za a Jailosi, zonse zisanu ndi ziwiri, pamzere ngati zikupita kukalembetsa ganyu, zina zikukoka zikhomo zomwe anazimangirirapo. Sikipa kumbuyo, mutu pansi, akuziwenderera, kumanzere, kumanja. Wazilowetsa pabwalo panga, wagona, akundiyang'ana kuti ndimuyamike. Kunena zoona, ntchito yake ndi yokongola. Mbuzi zaulemu chonchi sindinazionepo.

Zadya:
— mpiru wa Loweruka
— maluwa a pakhonde
— theka la nsalu ya patebulo yomwe ndinayanika

A Jailosi podzatenga: "Mayi, galu wanuyu mumufunire ntchito, apo ayi mumubwezere kwa azungu ake."

Lero andiyankhula anthu awiri. Kuposa sabata yatha yonse.

Lachinayi

Kumsika ku Milonde: chingwe chatsopano, shuga, masamba a tiyi. Sikipa ndikumumangirira ku peyala ndi chingwe chakale. Ndisanafike pamlatho ndikumva wefuwefu kumbuyo. Iyeyo, kachidutswa ka chingwe kali lende m'khosi, nkhope ya munthu woti wachedwa pang'ono koma wafika.

Pamsika akabaza atatu akubwera motalikirana, atanyamula matumba. Sikipa wagwetsa mutu. Iye zotalikirana sazifuna. Ndikukuwa, "Layi dauni!" Msika wonse watembenuka, kupatula galu. Njinga zitatu zakumana pa mulu wa zinanazi. Palibe wavulala, Mulungu ngwabwino. Zinanazi zinayi zaphwanyika, ndiye ndi zanga tsopano.

"Galu wa ndani ameneyu?"
"Wa mayi a Chingerezi awo."

Chingwe chatsopano, cha nayiloni, choti chingamange ng'ombe. Pakhomo ndikumumanga. Sakulimbana nacho. Wangokhala, akulira chapansipansi, maso ali kunjira. Kulira kumeneku ndikukudziwa. Ndi momwe analirira tsiku lomwe galimoto ya bwana inatuluka pageti osabwereranso. Ndikupirira, ndikusesa, ndikupiriranso. Ndamumasula.

Nambala 4 yapita.

Ndikuimbira Tadala, mwana wanga, ku Blantyre. "Mayi, galuyo mungomupereka kwa anthu. Ndili m'minibasi, ndikuimbirani." Foni ndaiika pazenera, pomwe netiweki imagwira. Dzuwa lalowa isanalire.

Kumupereka kwa ndani? Nanga m'mawa ndizikalipira ndani?

Lachisanu

Yatsala nambala 5 yokha, ndi nzeru yatsopano: mawa kumutsekera kuchipinda.

Kalongonda pamoto kuyambira mbandakucha. Kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Ukaphika mwachangu amaledzeretsa anthu, ndipo mavuto ndili nawo okwana kale.

Ndikuzira khonde ndi dothi lakuda la kudambo, see, lowala. Ndikupita kukasamba m'manja. Pobwera, mapazi a Sikipa kuchoka uku kufika uko, n'kuzungulira kawiri. Ndikuziranso. Akudutsapo bakha uja. Mwini wake sanabwerebe, moti ndayamba kumupatsa madeya.

Makapu ndili nawo anayi. Ndikupita kukabwereka kwa akazi awo a Jailosi. Akundipatsira pamwamba pa mpanda, asanu ndi imodzi. "Yopanda chogwirira ndi ya bambo, isasowe." Kenako, ndikutembenuka kale: "Ati galuyo amamvadi Chingerezi?" Ndikuti eya. Aseka pang'ono. Ndaimabe pamenepo kuti mwina pali funso lina. Palibe.

Kuyeserera: ndikumutsekera kuchipinda kwa kanthawi. Zii. Ndikutsegula. Wasonkhanitsa nsapato zanga zonse pakona imodzi, ndi pilo, ndi tochi, wagona akuzilondera. Ndiye zitheka! Nsapato sizithawa.

Ndikuyesereranso zanga, pakhonde, mokweza: "Takulandirani, amayi." Mawuwo akumveka achilendo m'kamwa mwanga. Ndikubwereza katatu. Bakha akundiyang'ana.

Loweruka

Thuu koloko. Hafu pasiti thuu. Mwina aiwala. Fili koloko, afika! Asanu ndi anayi, malaya oyera mbee, mipango kumutu. Mphasa zitatu pansi pa peyala. Sikipa kuchipinda, chitseko ndachichirikiza ndi mtondo. Moni, mmodzimmodzi. Pabwalo panga pali anthu!

Nyimbo yoyamba yayenda bwino. Yachiwiri ili mkati, ndikuona khutu limodzi pangodya ya nyumba.

Zenera. Za zenera sindinaganize.

Sakuuwa. Mutu pansi, akukwawa, akuzungulira mphasa chapatali. Amayi a mphasa ya kumapeto akusunthira mkati, akuimbabe. A mbali inayo nawonso. Pofika ndime yomaliza onse asanu ndi anayi ali pamphasa imodzi, mawondo akugundana, mphasa ziwiri zili pululu. Mayi Namakhwa akupemphera diso limodzi lili lotsegula.

Chichewa chalephera, ndikunena za bwana zija, manyazi ndaika pambali. Wagona, inde, koma pakati pa njira yotulukira.

— Mayi wina akufuna kuchimbudzi. Ayenda mapazi asanu, abwezedwa mwaulemu. Kachiwiri tikuwaperekeza tonse awiri, ine ndi galu.
— Wina ananeneratu kuti sakhalitsa, ali ndi nandolo woti akamenye. Akhalitsa.
— Wina, wothyola tiyi, akuti: "Akapitawo a m'munda tinawazolowera, koma awa aposa onse."

Kuseka! Kuchokera pamenepo mantha atha. Kalongonda watha, tiyi watha, zinanazi za pamsika zatha. Akucheza, akuseka mpaka misozi, nkhani zakale, wina akutchula dzina la amayi anga ndi kena kake kokhudza ukwati wawo. Ndikufuna ndimve. Koma ndili kumapeto kwa bwalo, ndagwira galu pakhosi ndi manja awiri, chifukwa ndikangomasula pang'ono akukabweza munthu. Nkhani ya amayi ndangomva kuseka kwake.

Dzuwa lapendeka. Mayi Namakhwa akudzuka pang'onopang'ono: "Mayi, tikupempha msewu. Kwa inu, ndi kwa awo."

Njira ndi imodzi yokha. Ndikumunyamula, ndi bondo lomweli, mpaka kuseri kwa nyumba. Ndakhala pansi, ndamukumbatira, ndamuphimba kumaso ndi chitenje. Alendo anga oyamba, osawaperekeza ngakhale phazi limodzi. Ndikungomva mawu awo akutsika ndi njira, kuseka kukucheperachepera. Mtima wa Sikipa ukugunda pamkono panga.

Makapu khumi. Ndikutsuka pang'onopang'ono kuti asathe msanga.

Lamulungu

Ndamusiya akulondera bakha, ndapita kutchalitchi.

Pa zolengeza mayi Namakhwa akuti: "Dzulo tinali kwa mayi athu awa. Anatisunga bwino. Anatisunga kwambiri." Tchalitchi chonse chafa ndi kuseka, ndi abusa omwe. Nanenso ndikuseka, nanga n'kutani. Kenako awonjezera kuti amayi a dera lathu azikumana kutchalitchi konkuno kaye, mpaka adzanenenso.

Panja moni wachuluka. "Sikipa wadzuka bwanji?" Anthu asanu. Za ine wafunsa mmodzi, ndipo ndamuwerengera. Wina wandiitana kuti amake Sikipa, ine n'kutembenuka. Kenako aliyense njira yake, awiriawiri, atatuatatu.

Masana mwini bakha wapezeka, wa kutsidya kwa mtsinje. Wamunyamula m'khwapa, wathokoza chifukwa cha madeya. A Jailosi mbuzi zawo akazimangirira kwa achimwene awo, kutali. Nkhuku za anthu zonse lero zili m'makola. Sikipa akuzungulira bwalo, akununkhiza pomwe panali mphasa dzulo, akuyang'ana kunjira, akuzunguliranso.

Lero sindilemba zochita. Akhala momwe alili.

Chakumadzulo ndikupita kudimba, kungokaona. Pobwera ndikuima pang'ono, poti phiri laonekera lonse. Mphuno yozizira ya Sikipa pachidendene. Ndikuyenda. Ndikuti ndipatukire njira ya kumtunda, mwina n'kukumana ndi munthu. Wazungulira, waima kutsogolo, mutu pansi, maso dwii.

Ine! Wafika pa ine!

Chabwino. Ndikupita komwe akufuna. Kumanzere pang'ono, kumanja pang'ono, mpaka pakhonde. Ndakhala pansi. Wagona patsogolo panga, wausa moyo, chibwano pamiyendo. Koyamba sabata yonse, watseka maso dzuwa likadalipo.

Ndikufuna tiyi. Koma ndikadzuka, adzuka.

Tiyi adikire.