Maliro a Kaputeni Ndevu

Kufupi ndi Jenala kuli mudzi wina umene mpaka lero anthu sanditchula dzina langa lenileni. Amangoti a Namfedwa. Ngakhale ana obadwa dzulodzuloli amandiitana choncho, osadziwa n'komwe kumene dzinalo linachokera. Ndaganiza zoulula ndekha, chifukwa anzanga akamafotokoza nkhaniyi amaikometsera mopyola muyeso.

Zinayambira mu vidiyo shoo ya a Namakhwa, kuseri kwa msika wa pa Phalombe Boma, masiku amene matepi anali pachimake. Mchimwene wawo wa ku Joni ankawatumizira matepi a filimu ina yosatha, ya anthu okhala m'chombo chachikulu chouluka pakati pa nyenyezi. Tepi iliyonse inkathera pokoma, ife n'kutsala kukamwa kuli yasa. Dzina la filimuyo linatikanika kutchula, ndiye tinkangoti Chombo. Mkulu wa m'chombomo, bambo wa ndevu zotuwa wosakonda kuseka, tinamutcha Kaputeni Ndevu.

Chingerezi cha anthu amenewa chinali chothamanga (ndinkamva mawu amodzi pa mawu khumi, koma ndinali ine womasulira anzanga), choncho mafunso ankatichulukira kuposa mayankho. Kodi amalima kuti? Madzi osamba amatunga kuti? Bwanji m'chombo chonsecho mulibe nkhuku ngakhale imodzi? Nanga munthu akamwalira amamuika pati, poti kumeneko kulibe dothi? Funso lomalizali linkandisowetsa mtendere kwambiri.

Tinali atatu okonda Chombo mopitirira: ine, Lameki ndi Fakisoni. Lameki anagwirako ulonda ku Blantyre, pa nyumba ya mzungu wina wokonda nyimbo za magitala olira ngati akupotokoledwa khosi. Iye anatiuza kuti imeneyo ndi roko, ndipo nkhani za m'mlengalenga siziyenera nyimbo ina. Tinapeza wailesi yakale ya m'galimoto, sipika yong'ambika ndi batire, n'kulumikiza ku gitala yanga. Phokoso lake Lameki anavomereza kuti ndi lomwelo. Fakisoni anaphunzira ng'oma ku gule wa tchopa, ndiye roko yathu ikafika pakati inkakhotera yokha ku tchopa. Gululo tinalitcha Ana a Chombo, ndipo zovala tinasoka ndi matumba oyera a feteleza, n'kumatamo mapepala onyezimira a m'mapaketi a fodya.

Kenaka kunabwera tepi yachisanu ndi chiwiri. Adani anazungulira chombo, Kaputeni anathawitsa anthu ake onse, iye n'kutsala yekha, ndipo chombo chinaphulika. Ndinalira, sindibisa. Munthu wa ndevu zanga ndinalira pabenchi, pakati pa makoko a mtedza, ndipo tsiku lomwelo ndinapeka nyimbo yapang'onopang'ono yomulira.

Apa ndiyenera kutchula Esinati. Anali mtsikana wa kumudzi ndatchula uja, ndipo ndinkamufuna banja ndi mtima wonse. Mawu omaliza anali kwa amalume ake, a Muhiwa, mwini mbumba, amene ntchito yawo inali yokhoma zidebe. Sanali munthu waukali. Vuto lawo linali kufunsa: chinthu ankachitembenuza uku ndi uku mpaka aone pamene chalumikizira. Nditawauza kuti ndine woimba, anandifunsa ngati kuimbako kumadyetsa munthu, ndipo pomaliza anati ndibwere Loweruka ndi anzangawo adzaone okha ntchitoyo. Ndinadziwa kuti Esinati ndimupeza kapena kumutaya tsiku limenelo.

Tinafika m'mawa zida zili panjinga. A Muhiwa anali atapita kumsika kukasiya zidebe, Esinati anali kuchigayo, ndipo amayi ake, amene sabata yonseyo anali chigonere ndi malungo, ankapumula m'nyumba. Tinayala zida pansi pa mtengo wa mango pabwalo lawo. Chimene chinatidetsa nkhawa n'chakuti anthu ankangodutsa pamsewu ndi njinga zawo, osaticheukira n'komwe. Inali nyengo yokolola nandolo, aliyense ali ndi zake.

Fakisoni ndiye anabweretsa nzeru. Anati poti nyimbo yathu yaikulu ndi ya maliro a Kaputeni, tiike masamba pamsewu monga zimakhalira pamaliro, kuti apanjinga azitsika, akatsika amve nyimbo. Musaganize kuti sitinkadziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Tonse tinabadwira konkuno. Koma ine ndinaona ngati ndi ulemu woyenera Kaputeni, ndipo nthambizo ndinathyola ndi manja angawa, n'kuziyala bwinobwino kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya a Muhiwa. Kenaka tinayeserera nyimbo ija kamodzi motsitsa, n'kulowa kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba kukavala mayunifomu.

Tili mkati movala tinamva mayi wina akulira chapatali. Lameki anati mwina kwagwa zovuta kumudzi woyandikana nawo. Kulirako kunayandikira, kunachuluka, mpaka kunafika pabwalo pomwepo. Nditasuzumira pampata wa udzu ndinaona amayi akulowa motsogozana, ena atasenza nkhuni, ena mbale za ufa zovundikira. Abambo ankabwera kuchokera kuminda zipewa zili m'manja. Adzukulu anali atafika kale ndi makasu awo. Mudzi wonse unkadziwa kuti m'nyumba imeneyo muli wodwala, ndiye ataona masamba panalibe woti afunsenso.

Zimene ndinaona pambuyo pake zimandiwawabe. Esinati anatulukira akuthamanga, wopanda lichero, wopanda thumba la ufa, mpango utagwa, akuitana amayi ake. Anagwa pakhonde amayi ena n'kumugwira. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, amayi akewo n'kutuluka atafunda bulangete, maso ali psuu ndi tulo.

"Kodi watisiya ndani?" anafunsa.

Amayi awiri anathawa mpaka kumunda wa chinangwa. Ena onse anangoyang'anizana. Ndipo pomwepo Fakisoni, amene anatsamira mpanda kuti aone bwino, anagwa nawo mpandawo. Tinaonekera tonse atatu, tikunyezimira m'matumba a feteleza, ine nditavala chipewa cha njinga yamoto.

A Muhiwa anali atangofika, thukuta lili kamukamu, atapalasa kuchokera kumsika atamva kuti mlongo wawo wapita. Anayang'ana mlongo wawoyo, anayang'ana ife, n'kukhala pansi pa mtondo wogubuduzika. Ndinkayembekeza mbama. M'malo mwake anandikodola.

"Achimwene, masambawa mwaika ndinu?"

"Ndine, amalume."

"Wamwalira ndani?"

"Kaputeni, amalume."

"Wa kwa yani?"

Ndinafotokoza, nditagwada, chipewa chili m'manja. Anafunsa ngati malemuyo anasiya ana, ngati anali wopemphera, komanso mtunda wochokera pa Boma kukafika kumene anafera. Anthu ena anayamba kuseka, ena ankatukwana chapansipansi poganiza za nandolo amene anasiya padzuwa. Esinati sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Pomaliza a Muhiwa anati tichotse masamba athu, tiyende khomo ndi khomo kupepesa, tikatole ufa umene Esinati anataya panjira. Kenaka anawonjezera kuti kwawo kuno salira munthu asanamuone nkhope, choncho Loweruka linalo tibwere naye Kaputeniyo anthu adzamuone.

Tinapepesa mudzi wonse tili m'matumba omwewo, poti anatikaniza kuvula.

A Namakhwa anatibwereka kanema ndi deki atamaliza kuseka. Anatiponyeranso tepi yachisanu ndi chitatu, imene inali itangofika kumene ndipo panalibe amene anali ataionera. Loweruka litafika tinatchinga chigafa cha fodya ndi mphasa kuti mukhale kamdima, mudzi wonse n'kudzazamo. Tinayamba ndi tepi yachisanu ndi chiwiri ija, ine ndikumasulira. Chombo chitaphulika, amayi ena analiradi, ndipo ndinayamba kumva ngati mlandu wanga ukupepuka. Koma a Muhiwa anati tibwezere tepiyo m'mbuyo pang'ono. Anayandikira kanemayo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anati pamimba pa chombocho panali kachidebe kokhala ndi chivundikiro, ndipo moto usanabuke kachidebeko kanali katachoka. Anafuna kudziwa kuti kapita kuti. Ine filimuyo ndinali nditaionera kasanu, koma kachidebe sindinakaone.

Tinaika tepi yatsopano ija. Sipanathe mphindi zitatu, kachidebe kaja kanatera pamchenga wofiira, chivundikiro chinatseguka, Kaputeni Ndevu n'kutulukamo wamoyo, akudzisasa fumbi.

Chigafa chinatsala pang'ono kugwa ndi phwete. Esinati, amene anali asanandilankhule sabata yathunthu, anaseka mpaka kutsamira mnzake, ndipo ndi tsiku limenelo pamene mayi wina anayamba kunditchula a Namfedwa. A Muhiwa okha sanaseke. Ankafunsa Lameki kuti kachidebeko anakalumikiza ndi chiyani kuti kasapse. Madzulo akutiperekeza anandikokera pambali.

"Mtima muli nawo, achimwene, maso ndiye mulibe," anatero. "Esinati mutengeni. Koma tsiku limene adzadwale, uthenga musadzatumize ndinu."

Nyimbo yathu a Muhiwa sanaimve mpaka lero, ndipo gulu la Ana a Chombo linatha chaka chomwecho batire itafa.

Patapita zaka zinayi bambo anga anamwalira kwathu kufupi ndi Boma. Uthenga unapita ku Jenala m'mamawa. Dzuwa linakwera, kuchokera kumeneko osaoneka munthu. Kenaka ndinaona njinga imodzi ikuima pamasamba, a Muhiwa akutsika, n'kuikankha mpaka pabwalo. Analowa m'nyumba, anavundukula nsalu, anayang'ana nkhope ya bambo nthawi yaitali. Atatuluka anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Pepani, akamwini. Awa ndi enieni."

Anakweranso njinga kubwerera, ndipo pofika masana mudzi wonse uja unali utafika, ndi nkhuni, ndi ufa, ndi makasu. Analira bambo anga ngati m'bale wawo.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo ndinaphunzira kusiya zachibwana. Koma popita kumanda, akwaya akuimba zawo, ine chamumtima ndinkaimba nyimbo ya Kaputeni ija, njira yonse. Inawakwana bambo ndendende, ndipo sindinauzepo munthu mpaka lero.