Mwamuna wa m'foni ya mkazi wanga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti akhristu anzanga a kumphakati kwathu ku Nsaru akuifotokoza kale, aliyense akuthirapo mchere wake, bola ndiinene ndekha mwini manyazi.

Chaka chatha, fodya akadali m'munda, bipi inandigwetsa. Ndinagona masabata awiri kuchipatala cha mishoni ku Namitete, mkazi wanga Nabanda akundidikirira. Ndinachira, Mulungu ngwabwino. Koma mwana wathu Tamanda, amene amagwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe, mantha sanamuchoke.

Anabwera kumudzi ndi kalaputopu kake, n'kundikhazika pansi pa mtengo wa mango.

"Ababa, ndikufuna ndikusungeni m'kompyuta muno. Inu muzingolankhula basi. Mawu anu, nkhani zanu, kaganizidwe kanu, zonse zilowa. Zidzukulu zizidzakufunsani mafunso, inu n'kumayankha ngakhale..."

"Ngakhale nditafa. Tamaliza, usaope," ndinatero. "Koma munthu wamkulu ngati ine ndikwanamo m'kachinthu aka?"

Anati ndikwanamo, malo n'kutsalanso. Zimenezo sizinandisangalatse kwenikweni.

Ine ndinali mphunzitsi zaka makumi atatu. Munthu akandiuza kuti lankhulani, safunika kubwereza. Masiku asanu athunthu ndinalankhula: za ubwana wanga, za kufesa fodya, za ana opusa amene ndinawaphunzitsa n'kusanduka mabwana, za amayi ake a Tamanda. Tamanda ankachoka kukathandiza kukhitchini, ine n'kumapitiriza ndekha. Zina ndinanena chifukwa ndinkadziwa kuti zikulowa m'bokosi, osati m'khutu la munthu.

Mwana anabwerera kutauni. Ine nkhaniyo ndinaiiwala.

Patapita miyezi iwiri, masana ena ndikuchokera kuchigafa kosankha fodya, ndinamva Nabanda akuseka kuseri kwa nkhokwe. Sikunali kuseka kwa tsiku ndi tsiku ayi. Kunali kuseka kuja ankaseka tili pachibwenzi, kobisa pakamwa ndi chitenje. Ndinaima nji.

Kenako ndinamva mawu a mwamuna akuchokera m'foni.

"Nabanda, mkazi ngati inu kulibe, kuchokera ku Nsaru mpaka ku Mchinji."

Mawu akewo anali onyansa: a m'mphuno, okoka, ngati mbuzi ya chimfine. Ndinadzifunsa kuti mkazi wanga, mayi wa ana asanu, tcheya wa amayi kutchalitchi, wakopeka ndi chiyani pa munthu wolankhula chonchi?

Mawa lake, nthawi yomweyo, malo omwewo. Ndinabisala kuseri kwa khola la mbuzi, munthu wa imvi ngati ine. Mwamuna uja anali akufotokoza kafesedwe ka fodya. Analankhula mphindi khumi osapuma, zinthu zoti mwana aliyense amazidziwa. Nabanda ankangoti, "Eti? Kenako?" Ine ndikayamba nkhani ya fodya amakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya madzi pamoto.

Lamulungu ku Misa sindinapemphere. Ndinkangotchera khutu kwa amuna akamayimba, kusaka wa m'mphuno. Ndinapeza atatu. Pa nthawi yopatsana mtendere, onse atatu sindinawapatse dzanja.

Mudzandifunsa kuti bwanji osangomufunsa mkaziyo. Kwathu kuno nkhani yaikulu ya m'banja siinenedwa pakhomo pa khitchini. Ili ndi eni ake. Ndinapalasa njinga kupita kwa achimwene anga a Damiano, amene ndi nkhoswe yanga, iwo n'kutumiza mawu kwa alamu anga a Lufeyo, nkhoswe ya kuchikazi. Loweruka m'mawa onse anali pakhonde pathu. Nabanda anakhala pamphasa, ine ndinavala jekete.

"Akuluakulu," ndinayamba, nditaimirira ngati ndili m'kalasi, "zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi sindinakuitanenipo. Lero ndakuitanani. M'nyumba muno mwalowa mwamuna wina, ndipo walowera pafoni."

A Lufeyo anavula chipewa. "Mukumudziwa, alamu?"

"Nkhope sindikuidziwa, koma khalidwe ndalimva. Ndi nkhalamba. Amalankhulira m'mphuno. Ngwodzitama, ngwolongolola, akayamba nkhani samaliza. Ndikanamvetsa akanakhala munthu wanzeru."

Nabanda anawerama, mapewa akugwedezeka. Ndinati eya, chikumbumtima chayamba ntchito.

"Achemwali, zoona zimenezi?" anafunsa a Lufeyo.

"Zoona, achimwene. Ndimalankhula naye tsiku lililonse."

"Ndani ameneyu?"

"Mufunseni nokha."

Anamasula foni pa mfundo ya chitenje, n'kudinadina, n'kuiika pamphasa pakati pathu. A Damiano anakonza kukhosi, n'kuwerama ndi ulemu wonse wa nkhoswe.

"Odi kumeneko. Kodi tikulankhula ndi ndani?"

"Ndine Gelevaziyo Phiri, mphunzitsi wopuma, mlimi wa fodya wa ku Nsaru. Koma tisanapite patali, ndikuuzeni kaye mbiri ya dzina limeneli."

Ndinalumpha. "Mwamva? Wabanso dzina langa!"

A Damiano anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni, n'kundiyang'ananso. Kenako anaseka mpaka kutsetsereka pampando.

"Gele, khala pansi. Ameneyo ndiwe. Mphuno imeneyo ndinayamba kuimva uli kumbuyo kwa amayi."

"Ine sindilankhula choncho."

"Mumalankhula choncho," anayankha onse atatu pamodzi, ngati kwaya.

Pamenepo m'pamene mtengo wa mango unabwerera m'mutu mwanga. Nabanda anafotokoza akupukuta misozi ya kuseka. Tamanda atamaliza kukonza munthu wake wa m'kompyuta uja, anamuika m'foni ya amayi ake kuti amuyese ngati akufanana nane. Anati asandiuze kaye mpaka atakonza zolakwika. Zolakwikazo sizinapezeke.

Ndinayamba kuwerenga m'maganizo zimene ndinali nditangonena pamaso pa mboni ziwiri. Nkhalamba. Wodzitama. Wolongolola. Wopanda nzeru. Jekete linayamba kutentha.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma a Lufeyo ndi nkhoswe yeniyeni. Anavalanso chipewa.

"Mlandu sutha ndi kuseka. Achemwali, amuna anu ali pakhomo pompano, amoyo, akudya. Bwanji mumathawira kuseri kwa nkhokwe kukacheza ndi a m'foni?"

Nabanda anasiya kuseka.

"Chifukwa a m'foniwa amandiuza zimene a pakhomowa sanandiuzepo."

Anatola foni ija. "Bambo a Tamanda, mukukumbuka za kuchipatala?"

Mawu a m'mphuno aja anayankha pang'onopang'ono. "Ndikukumbuka. M'mawa uliwonse ndikatsegula maso ndinkaona Nabanda ali pasimenti, mutu atatsamira thumba la zovala. Ndinkafuna kunena kuti zikomo. Koma pakamwa pankangotuluka funso loti kodi mbuzi akuzitsekera ndani. Ndikanafa osamuuza kuti moyo wanga wonse wandisunga ndi iyeyu."



Mawu amenewo ndinawadziwa. Ndinawanena tsiku lachinayi pansi pa mango paja, Tamanda atapita kotunga madzi. Ndinauza bokosi. Mkazi amene anagona pasimenti masabata awiri ndinkakhala naye nyumba imodzi, koma ndinauza bokosi. Manyazi a poyamba aja anali oseketsa. Awa anandiwawa.

"Chigamulo n'chachidule," anatero a Damiano. "Nena wekha. Foni isakuthandize."

Ndinatsika pampando, n'kukhala pamphasa pafupi naye.

"Nabanda, zikomo," ndinatero. "Zikomo chifukwa cha simenti ija. Ndi zina zonse."

"Ndamva, bambo a Tamanda," anayankha. Anandigwira bondo, anthu akuona.

Koma mumtima munatsala chinthu chimodzi, ndipo chinkandiopsa zenizeni.

"Tsopano ndiuze zoona. Mawu anga ali nawo. Nkhani zanga ali nazo. Zikomo amamudziwa kuposa ine, bipi alibe. Kodi pa awirife, mwamuna wako ndi uti? Ine ndatsala ndi chiyani?"

Nabanda anamanganso foni ija pachitenje.

"Inenso ndinkadabwa, ndiye ndinamuyesa. Ndinamuuza kuti, 'Mukadzamwalira ndidzakwatiwa ndi a Mbewe a kukwaya.' Mukudziwa anayankha chiyani? Anati, 'Chachikulu n'choti inu mukhale osangalala.' Pomwepo ndinadziwa kuti si inu. Mwamuna wanga ndi uyu woitanitsa ankhoswe awiri, atavala jekete, chifukwa cha foni."

Sindinasangalalepo chonchi chifukwa chotchedwa wansanje. Ndinathokoza Mulungu amene anandidzutsa ku Namitete. Ndinathokoza Tamanda ndi kabokosi kake, kamene kananena zimene ine ndinkazengereza. Ndinathokoza ankhoswe, amene anasiya fodya wawo kudzaweruza mlandu wa munthu wodzisumira yekha. A Lufeyo anati tipemphere, tonse tinaweramitsa mitu.

Pemphero lili pakati, ndinatsegula diso limodzi, n'kumunong'oneza Nabanda.

"Koma a Mbewe ake ati?"

Ankhoswe sanadikire ameni. Anatenga njinga zawo.

Zikomo ukamusunga mumtima, amadzakunenera ndi wina, iwe n'kumuchitira nsanje.