Malamba a Pulofesa Brandl pa Chitsulo cha Oimirira

Inu, sendezani mipando kuno mumve zimene zinawaonekera a Pulofesa Ottokar Brandl, aja amaphunzitsa za opera, masewero ochita kuimba aja, pa wailesi ndi kulemba m'nyuzipepala ya Loweruka. Munthu ameneyu anakalambira pa mpando waulere wa kutsogolo m'nyumba ina ya opera kuno ku Vienna, ndipo cholembera chawo chinali ndi ululu wa mamba. Oimba akangoona ndevu zawo zija, mawu ankawathawa. Koma amene ankanyozedwa kwambiri anali anthu a matikiti otchipa, oonera choimirira kumbuyo kuja. A Pulofesa analemba kuti amenewo ndi ng'ombe za m'khola, zongodziwa kulira.

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Tsiku lina analemba kuti mkulu wa nyumbayo ali ndi makutu a chikuni, ndipo mpando waulere uja unathera pomwepo. Sabata yomweyo kunabwera woimba wamkazi wachilendo amene mzinda wonse unkamukamba. Matikiti okhala pansi anatha psiti, chonsecho Lolemba a Pulofesa ankayenera kukamuweruza pa wailesi. Kunatsala matikiti a oimirira okha, ogula pamzere tsiku lomwelo.

"Mukangonena kuti simunapite," anatero akazi awo, mayi Hermine.

"Ine? Woimba aimbe mumzinda muno osamva maganizo anga?"

"Ndiye kaimeni ndi ng'ombe zanuzo. Zikakuzindikirani zikakubayani ndi nyanga."

Apo ndiye panali mantha awo onse. Akazindikiridwa m'khola muja, mzinda wonse uwaseka mpaka kumanda. Choncho Lamulungu masana anavula suti n'kuvala buluku la malemu mlamu wawo, amene anali wogulitsa nyama ndipo pakhomo ankalowa cham'mbali. Bulukulo analikoleka ndi malamba odutsa m'mapewa. Anawonjezera chikhoti ndi chipewa, kenako anakulunga sikafu mpaka pamphuno kuti abise ndevu.

Atagula tikiti, khamu linawakankhira m'makwerero mpaka pa zitsulo zimene oimirira amatsamira. Mukudziwa mwambo wake: umamanga sikafu yako pachitsulo, malowo ndi ako, upite ukadye, palibe angawakhudze. A Pulofesa anali atalembapo za oimba a zaka mazana apitawo, koma zimenezi anali asanazimvepo.

"Madala, mangani sikafuyo," anatero mayi wina wamfupi wa mawu a belu, dzina lake mayi Wawra, amene anakalambira pachitsulo chimenecho.

"Ndili ndi chimfine," a Pulofesa anayankha ndi mawu obwereka.

"Ndiye tayi."

"Sindinavale."

"Nanga mumanga chiyani, lilime? Opanda chizindikiro amakaima kumbuyo kwa chipilala. A Nemec, taonani mlendo wathuyu, wabwera ngati akupita kumaliro a munthu wosamudziwa."

A Nemec, mdala wamtali wa mano atatu, anaseka mpaka kutsokomola. A Pulofesa anapisa manja m'chikhoti, kufufuzafufuza, n'kusolola malamba a buluku aja. Mayi Wawra anawalanda, nawamanga mfundo imene ngakhale ng'ombe yeniyeni sikanaidula.

Abale anga, kuyambira pamenepo dzanja lamanzere la munthu wamkulu uja linapeza ntchito yokhazikika m'chiuno.

Anthu anatsikira panja kukadya masoseji. A Pulofesa anagulanso yawo yonenepa, yothira mpiru, fungo lake lokoka malovu. Pofuna kuluma anapeza kuti pakamwa pali sikafu. Kuti aitsitse, ndevu zionekera. Kuti asinthe dzanja, buluku litsika. Anaima choncho ngati chipilala, soseji ikuzizira, mpaka a Nemec anafika.

"Simudya, achimwene? Chimfine n'choipa. Bweretsani kuno isawonongeke."

Atabwerera mkati a Pulofesa anathamangira mfundo ija. Anaikanda ndi zikhadabo za dzanja limodzi, anaiyesa ndi mano kudzera m'sikafu, koma ayi ndithu. Magetsi anazima, zoimbira zinayamba, ndipo anthu makumi angapo anawalizira "Shhh!" nthawi imodzi. Iwo amene moyo wawo wonse ankalalatira anzawo chifukwa cha kapepala ka siwiti!

Opera yake inali yaitali ija, imene munthu amabayidwa m'gawo loyamba n'kudzamwalira m'gawo lachitatu akuimbabe. Kutentha kunali ngati m'uvuni. Thukuta linkatsika kuchokera m'chipewa, kudutsa m'ndevu, mpaka m'nsapato. Pamene zoimbira zonse zinatsitsa mawu kuti woimba apemphere chonong'ona, mimba ya a Pulofesa inaona kuti mpata ndi umenewu, inabangula.

"Ameneyo ndiye waimba bwino kuposa mfumu ya m'seweroli," ananong'ona a Nemec, ndipo mzere wonse unagwedezeka mapewa.

Koma tamverani. M'gawo lomaliza mkazi wachilendo uja anatsala yekha pabwalo, nayamba kulira mwamuna wake. Ine ndinalipo, ndipo ndikunena mosabisa kuti mtima unandiwawa. Mawu ake anakwera pang'onopang'ono, osagwedezeka, mpaka m'nyumba monse munati zii. A Pulofesa anaiwala njala, anaiwala wailesi, anaiwala kuti iwo ntchito yawo ndi kupeza zolakwa. Misozi inanyowetsa sikafu. Nyimbo itatha anang'amba sikafu ija kukamwa, nafuula "Bravo!" ngati ng'ombe yaikulu ya m'kholamo, n'kuomba m'manja.

Manja onse awiri, inu.

Buluku la malemu silinachedwe. Linatsika mwaulemu mpaka m'akakolo, chipewa nacho chinagwa, magetsi n'kuyaka. Ndevu zija zinali poyera, miyendo yoonda ili mbee. A Pulofesa anatsinzina, kudikira kuti wina akuwe dzina lawo. Anadikira. Anthu ankangoombera m'manja woimba wawo.

"Madala, kwezani buluku, pano pali azimayi," anatero mayi Wawra osatembenuka n'komwe bwinobwino.

A Pulofesa anatsegula diso limodzi. Palibe amene ankawaloza. Anali atapulumuka! Munthu wanzeru akanakweza buluku n'kutsetsereka mwakachetechete. Koma chinawabaya mumtima ndi china: tsiku lonse lija kuvutika ndi njala ndi thukuta, kubisala anthu oti sakuwadziwa?

"Mayi, tayang'anani bwino nkhope iyi."

"Ndayang'ana. Mukufunika lumo."

"Simukundidziwa ine?"

"Ndinu bambo a chimfine aja."

"Ndine Pulofesa Ottokar Brandl!" anabangula, buluku likadali pansi.

"Wozula mano uja?" anafunsa a Nemec, atagwira kukamwa.

"Wa m'nyuzipepala ya Loweruka! Tsamba lonse la zoimba ndi langa! Ndine ndinakutchulani ng'ombe, nonsenu!"

Anthu anayang'anizana. Mayi Wawra anapendeketsa mutu, kuwayang'ana uku ndi uku, kenako nkhope yawo inawala.

"Ooo, wa chithunzi cha pamwamba pa tsamba uja! A Nemec, si awa timayala pansi n'kukhalira tikamadikira pamzere? Pepala lake labwino, silimva chinyezi." Anawagwira a Pulofesa paphewa mwachifundo. "Mutikhululukire, bambo. Timakumana nanu sabata iliyonse, kungoti mbali yathu imene imakumana nanu ilibe maso."